Mwamuna wa Pazenera la Matikiti

Inu owerenga, musafulumire kundimvera chisoni, yambani mwamva zonse. Ambiri amene amalemba m'magazini muno amalira kuti anapusitsidwa. Inenso ndinapusitsidwa ndithu, koma msampha wake ndinathandiza nawo kutchera, ndipo ndinalowamo nditadzola mafuta onunkhira. Ndine Priska, mwana wa a Sebastiano a kwa Tengani m'boma la Nsanje.

1

Kwathu kumatentha. Sindikunena kutentha kwanu kwa kumtunda, kumene mumangovula juzi n'kuyamba kudandaula. Ndikunena kutentha koti mbuzi imakana kudzuka panjira ngakhale uiponde mchira. Ndinabadwira momwemo, koma kuyambira ndili kamtsikana ndinkakhulupirira kuti Mulungu anasokoneza keyala ponditumiza.

Nditakhoza mayeso a Fomu 2 m'chaka cha 1973, thonje la bambo linali litatha ndi mbozi, ndipo za Fomu 3 zinathera pomwepo. Kenaka kutchalitchi analengeza kuti boma likufuna achinyamata okaphunzira uphunzitsi. Sukulu yaulere, chakudya, pogona, ndi kandalama ka sopo mwezi ndi mwezi. Boma linkafuna chinthu chimodzi chokha kwa iwe: ukamaliza uphunzitse zaka zisanu kulikonse kumene lingakutumize. Ukathawa, ubweze zonse zimene unadya.

Ana sindinkawakonda. Choko chinkandiyetsemulitsa. Koma kolejiyo inali ku Blantyre, ndipo ndikanasaina ngakhale akanati ndikaphunzitse ng'ona za mu Shire.

Bambo anawoloka mtsinje kuchokera ku Mozambiki ali mnyamata, ndipo kumsika wa thonje ankadinda chala posadziwa kulemba. Atamva kuti anditenga, anavula chipewa n'kuyang'ana kumwamba.

"Pita ukatenge nzeruzo ubwere nazo kuno," anatero. "Aphunzitsi a kumtunda akangolumidwa ndi udzudzu kawiri amathawa. Ana athu angokhala pansi pa mtengo kudikira munthu."

"Ndamva, baba," ndinayankha, maso ali pansi ngati mwana wabwino.

Panalinso Lorenso. Anali mnyamata wa bwato, wowamba mlamba, wofatsa mpaka kukwiyitsa. Akwawo anali atabweretsa kale chikole kwathu, mabanja awiri anamwerapo mowa, ndipo mudzi wonse unkanditchula kuti mkazi wa Lorenso. Tsiku lonyamuka anasenza bokosi langa pamutu mpaka pasiteshoni ya sitima.

"Zaka ziwiri si kanthu," anatero. "Ndikudikira."

Ndinamugwedezera dzanja pazenera. Sitima itangodutsa Bangula ndinayamba kununkhiza diresi langa, kuona ngati utsi wa nsomba unandikakamira.

2

Tsiku loyamba ku Blantyre ndinanjenjemera ndi kuzizira mpaka mano kugundana, ndipo ndinasangalala koopsa. Ndi kandalama ka sopo koyamba ndinagula juzi yofiira. Sopo ndinkabwereka.

Chisena ndinachitsekera m'bokosi. Wina akafunsa kwathu ndinkati, "Chakumwera kwa Thyolo," ndipo sikunali kunama kwenikweni, popeza Nsanje ilidi kumwera kwa Thyolo. Amene sanapusitsike anali Mabel, mtsikana wa ku Zomba amene ndinkagona naye chipinda chimodzi. Ameneyu ankadziwa zonse za pakoleji kupatula zimene zinkabwera pamayeso.

"Iwe Priska, ukudzivutiranji kupotokola lilime?" anandifunsa tsiku lina tikuchapa. "Kuofesi akudziwa kuti ndiwe wa ku Nsanje. Ukamaliza akakubwezera komweko."

"Anati kulikonse."

"Kulikonse n'kwa ife. Inu a kuchigwa amakubwezerani kwanu, chifukwa wina aliyense akapita uko amabwerako pamachira."

Bulauzi imene ndinkachapa inagwera m'matope. Ndinaona zaka zisanu za fumbi, udzudzu ndi utsi wa mlamba zikundidikira pasiteshoni.

"Ndiye ndathera pamenepa?"

"Njira ilipo imodzi," Mabel anatero akutsitsa mawu. "Kutsata mwamuna."

Anandifotokozera bwinobwino. Boma silinkalekanitsa banja. Mphunzitsi wamkazi akakwatiwa ndi munthu wa pantchito, ankangopita kuofesi ya maphunziro ndi umboni wa ukwati, basi amamupatsa sukulu kumene kuli mwamunayo. Ndicho chifukwa chake masukulu a m'tauni anali odzaza ndi akazi a makalaliki, ena kumaphunzitsa awiriawiri m'kalasi imodzi.

"Koma akhale wa ntchito ya m'tauni," anawonjezera. "Ukatola msodzi, utsata msodzi."

Sindinamuuze kuti msodziyo ndinali naye kale.

3

Ndinayamba kusaka, abale. Ndichite manyazi ndi chiyani pano? Kalaliki wa kubanki amene anandigulira Fanta anapezeka kuti ali ndi mkazi ndi ana ku Chilomoni. Wapolisi ndinamuthawa ndekha nditamva kuti iwo amasamutsidwa chaka ndi chaka. Anyamata a pakoleji sindinkawawerengera n'komwe, popeza nawonso anali mbuzi zomangidwa pachikhomo chomwecho. Chaka choyamba chinatha, chachiwiri chinafika pakati, ine chimanjamanja.

Patchuthi cha Khirisimasi ndinapita ku Limbe kukagula tikiti yopita kwathu. Ndinaonetsa khadi la chipani pakhomo, n'kuima pamzere. Nditafika pazenera ndinatchula siteshoni yathu monong'ona, kuopa kuti a kumbuyo angamve.

Kalalikiyo anadzutsa mutu. Malaya oyera mbee, zolembera zitatu m'thumba, tsitsi logawa mzere bwinobwino.

"Kwanu n'kwa Tengani?"

"Ndikukaona odwala," ndinatero.

"Pepani. Koma kwanu n'komweko?"

Ndinavomera ngati munthu wogwidwa ndi nkhuku yakuba. Ndinkadikira kuti aseke, monga ankachitira ena, n'kufunsa ngati n'zoona kuti kwathu timadya ng'ona. Iye nkhope yake inawala.

"Mumagwira ntchito yanji?"

"Ndikuphunzira uphunzitsi."

"Mphunzitsi!" anatero, n'kumenya tebulo. "Mumaliza liti?"

A kumbuyo anayamba kung'ung'udza. Iye sanasamale. Anatuluka, nandipezera malo a pazenera m'sitima, nanena kuti dzina lake ndi Howard, kwawo ndi ku Dedza, ndipo amakhala m'nyumba ya kampani konkuno ku Limbe. Ndinafunsa mwaulemu ngati nyumbayo ili ndi madzi. Anati mpopi uli pakhomo penipeni.

Sukulu itatsegulidwa, Lamulungu lililonse masana Howard ankafika pageti la koleji ndi mabanzi. Ndipo mafunso ake! Mwezi wotentha kwambiri kwanu ndi uti? Udzudzu mumathana nawo bwanji? Madzi akumwa mumatunga kuti? Shire akasefukira mumathawira kuti? "Zikomo" pa Chisena mumati chiyani? Ndinamuphunzitsa kuti ndi "takhuta", ndipo analibwereza njira yonse ngati mwana wa katekisimu.

"Mabel," ndinatero madzulo ake, "munthu uyu wandikonda mpaka akukonda ndi udzudzu wanga womwe."

"Gwira zolimba, mwali," anatero Mabel. "Ukazengereza akulanda."

Pasanathe miyezi itatu anandifunsira ukwati. Ndinayerekeza kuganizira kwa nthawi yokwanira kumeza banzi.

4

Patchuthi cha Pasaka ndinatsika kukaswa nkhani. Ndinafika ndi ambulera, ndikudzipepesa ndi kampango, ndikufunsa amayi kuti anthu amakhala bwanji m'ng'anjo yotereyi. Amayi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

Bambo atamva anaimirira.

"Nkhabe!" anakuwa. Ndiko kukana kwa Chisena, ndipo bambo akakana m'Chisena zimakhala zatha. "Anthu anabwera ndi ulemu wawo, tinalandira, tinamwa mowa wawo. Lero ndikawauze chiyani? Kuti mwana wanga wapeza wa zolembera zitatu?"

Ndinalira, ndinakana kudya, ndinanena kuti ndikadziponya mu Shire, ngakhale ndinkadziwa kuti ndimasambira kuposa anyamata. Bambo sanasunthe. Patapita masiku anafika amalume ake a Howard, mkulu wa suti yakuda, thukuta lili chuchuchu mpaka m'masokosi.

Kwathu nkhani ya ukwati amakamba ndi akuluakulu. Mtsikana mwini wake sakhalapo, ngakhale atakhala ndi masatifiketi odzaza dengu. Anakhala pansi pa mtengo wa bwemba, bambo, abale awo, ankhoswe ndi mlendoyo, ine ananditumiza kukasenda mtedza kuseri kwa khola. Ndinkangomva mawu a bambo akukwera, kenaka kunangoti zii. Kenaka ndinamva chinthu chimene sindinkayembekeza: bambo akuseka.

Anabwera kuseri kuja akupukuta m'maso.

"Mwanawe, ukumufunadi munthu ameneyu?"

"Ndi mtima wonse, baba."

"Kulikonse kumene angapite, upita naye?"

"Kulikonse."

"Pyadidi," anatero, ndiko kuti zili bwino. Anauza amayi kuti aphe bakha.

Ine ndinati suti ya ku Blantyre ndi mankhwala. M'mawa mwake bambo anatenga chikole chija, nakana kutuma ankhoswe, napita nacho okha kwa makolo a Lorenso, chipewa chili m'manja. Anakhalako tsiku lonse. Pobwera sanadye, ndipo ine sindinafunse chifukwa ndinali wotanganidwa ndi kutsanzika.

Ndinatsanzika ndithu! Ndinayenda khomo ndi khomo ndi ambulera yanga. Kuchitsime ndinauza amayi onse kuti wofuna kundiona azidzakwera sitima, ndipo asadzaiwale chofunda chifukwa ku Limbe kumazizira.

"Pyadidi, aphunzitsi, pyadidi," ankatero, akutseka pakamwa ndi nsalu. Ndinati ndi nsanje, ndipo ndinawakhululukira.

Lorenso ndinakumana naye panjira ya kudambo atanyamula nkhafi. Anali ataonda.

"Usandide, Lorenso," ndinatero. "Ine kuno sikundiyanja. Ndi thupi langa."

Ndinkafuna anditukwane kuti ndipeze pokwiyira.

"Tidzaonana," anatero.

"Sindikukhulupirira."

"Tidzaonana ndithu," anabwereza, n'kupitiriza ulendo wake.

5

Teremu yomaliza ndinakhoza bwino, ndipo musandifunse kuti zinatheka bwanji. Pophunzitsa moyeserera ana ankandimvera, mwina chifukwa ndili ndi mawu okuwira munthu ali tsidya lina la mtsinje. Mayi Clotilda, amene ankatiphunzitsa kaphunzitsidwe ka ana aang'ono, anatuma uthenga kuti ndikawaone kuofesi kwawo. Mayi amenewa anali oopsa, ankayeza madiresi athu ndi rula kuti aone ngati akubisa mawondo. Ndinadziwa kuti amva za mabanzi a pageti. Anatumanso kachiwiri, kachitatu. Ine ndikawaona akubwera uku ndinkakhotera uko, tsiku lina mpaka ndinabisala m'chimbudzi cha anyamata.

Titangotseka sukulu tinakalembetsa ukwati kwa DC. Howard ndiye ankafulumira kuposa ine, ndipo ndinati ndi chikondi chikumuwotcha. Wa kutchalitchi tinagwirizana kuti tikadalitsire kwathu, bambo aone.

Kuchoka apo tinalunjika kuofesi ya maphunziro. Pakhomo Howard anandigwira paphewa.

"Khala pabenchi apa, mayi. Izi n'zofunika amuna okhaokha."

Ndinakhala, mtima uli m'malo, ndikuthokoza Mulungu pondipatsa mwamuna wodziwa kulankhula ndi mabwana. Sanachedwe. Anatuluka ndi bwana wa ofesiyo, mkulu wa dazi, amene anabwera molunjika kudzandigwira chanza ndi manja awiri.

"Ndinu amene mukufuna kutsata bambowa?"

"Ndine, bwana."

"Mwaganiza bwino? Palibe wakukakamizani?"

"Palibe, bwana. Kumene kuli mwamuna wanga n'kumene kuli ine."

Anapukusa mutu mogoma. "Mayi, atsikana ngati inu ndi osowa. Ena amabwera pano ndi misozi, ena ndi zikalata za adokotala. Dziko likukuthokozani."

Ndinatuluka ndikuyenda ngati nkhanga. Sindinadziwe kuti dziko limathokoza chonchi munthu wopita ku Limbe.

6

Kumapeto kwa Seputembala tinanyamuka kukadalitsa ukwati. Ndinavala juzi yofiira ija ndi masitonkeni, kuti a kwa Tengani aone mmene amavalira anthu a kozizira. M'nyumba ya ku Limbe ndinali nditakhalamo milungu yowerengeka, ndipo mpopi uja ndinkautsegula ngakhale ndilibe chochapa.

Pasiteshoni ndinaona anyamata akukweza bedi m'bogi ya katundu. Kenaka tebulo, mipando, mbaula ya parafini.

"Howard, bedi lija likufanana ndi lathu."

"Mabedi a kampani amafanana," anatero, n'kuthamangira kukalankhula ndi woyendetsa sitima.

Ndili chiimire, wina anandikoka juzi. Mayi Clotilda! Anali ataperekeza mlendo. Pothawira panalibe.

"Priska, mwana wosamva iwe. Ndinakuitana kangati?"

"Pepani, mayi, ndinkadwaladwala."

"Ndinkafuna ndikuuze kuti ndinakupempha. Pasukulu yoyeserera ya pakoleji pankafunika mphunzitsi wa Sitandade 1, ndipo akuluakulu anali atavomera kuti ukhale iweyo. Nyumba yako ikanakhala kuseri kwa yanga. Ndikupita kuofesi kukatsimikiza, akundiuza kuti mtsikana wanu wapempha yekha kutsata mwamuna."

Ndinadzikakamiza kuseka. "Palibe kanthu, mayi. Limbe si patali. Ndizidzakuonani Loweruka."

"Limbe?" anatero, akukwinya nkhope. Anayang'ana juzi yanga, anayang'ana bogi ya katundu, natsegula pakamwa. Pomwepo wembulo inalira, Howard anandikankhira m'sitima.

7

Mpaka ku Luchenza ndinkangoganiza za bedi lija. Howard ankawerenga nyuzipepala, tsamba limodzi lomwelo. Sitima itayamba kutsetsereka m'mapiri a Thekerani, mphepo yolowa pazenera inasintha, inayamba kufunda ngati mpweya wa m'kamwa mwa ng'ombe.

"Bambo," ndinatero, "bedi lija ndi lathu."

Anapinda nyuzipepala mosamala kwambiri.

"Priska, andikweza pantchito. Tsopano ndine mkulu wa siteshoni."

"Siteshoni iti?"

Anangoyang'ana tikiti ya kwa Tengani imene inali m'dzanja langa.

Mayi ine! Ndinamva masitonkeni akundiluma miyendo yonse.

"Munadziwa liti?"

"Chaka chatha, mwezi wa Novembala."

"Tisanakumane?"

"Tisanakumane." Anaika nyuzipepala pambali. "Ndimvere kaye. Amene analiko kumeneko mkazi wake anathawa, iye n'kuyamba kumwa mowa wa uchema mpaka kuiwala kukweza mbendera sitima ikubwera. Mabwana anati malowo ndi anga, koma ndipite ndi banja. Ndinafunsira atsikana awiri a ku Limbe. Nditatchula dzina la malowo, wina analira, wina anaseka mpaka kukhala pansi. Ndiye ndinaganiza kuti bwanji ndipeze wa komweko, wozolowera dzuwa, wodziwa chilankhulo. Pazenera paja ndinkayang'anitsitsa aliyense wogula tikiti yotsika. Ambiri anali amayi a madengu a nsomba. Kenaka unabwera iwe."

"Ndiye munandisankha ngati mmene amasankhira ng'ombe yopirira nkhupakupa?"

"Ndinadzakukonda pambuyo pake. Ndikulumbira."

Ndinaimirira, ndinamutukwana m'Chichewa, Chichewa chitatha ndinatsegula bokosi la Chisena lija, ndipo zonse zinalimo, sizinachite dzimbiri. Amayi a madengu amene anali m'bogimo anasiya kudya nzimbe. Mmodzi anati, "Ameneyu ndi wathu ndithu."

Howard anadikira kuti mpweya undithere.

"Nanga iwe, Priska," anafunsa mofatsa, "unandikondera chiyani ine?"

Ndinatsegula pakamwa. Ndinafunafuna m'mutu monse chinthu choti ndinene, maso ake, mtima wake, kaya chiyani. Chimene ndinapeza chinali mpopi.

Ndinakhala pansi. Tinali akuba awiri okumana m'nkhokwe yopanda chimanga. Pa Makhanga ndinavula juzi, pamlatho wa Chiromo ndinavula masitonkeni, ndipo ndinalira mpaka ku Bangula.

8

Pasiteshoni yathu panali anthu ngati kukubwera nduna. Amayi a kuchitsime aja anali kutsogolo, nthungululu zili pakamwa. Ana a sukulu anandandalika m'mizere, opanda nsapato, akuimba nyimbo yolandira mphunzitsi, ndipo dzina langa linalimo. Nyimbo yotero siphunziridwa tsiku limodzi.

"Takulandirani, aphunzitsi! Ku Limbe kukuzizira bwanji?"

Ndinatsika nditaweramitsa mutu. Lorenso anali chapatali, akukweza mitolo ya mlamba m'bogi. Sanaseke. Anangondigwedezera mutu kamodzi n'kupitiriza ntchito yake, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa nthungululu zonse.

Bambo ndinawapeza kunyumba akusoka thumba la thonje. Sindinawapatse ndi moni womwe.

"Munkadziwa, baba."

"Ndinkadziwa. Munthu akafuna mwana wako umamufunsa kumene akamusunge. Amalume ake anandiuza."

"Mudzi wonse unkadziwa!"

"Kwa Lorenso ndinayenera kunena zoona. Zikachoka apo, pakamwa pa anthu sindimanga ine."

"Ndiye munandisiya ndizizungulira ndi ambulera ngati wamisala? Bwanji osandiuza?"

Anabaya singano m'thumba, nandiyang'ana.

"Ndikanakuuza, ukanabwera?"

Ndinakhala pansi pambali pa thumba lija, iwo n'kupitiriza.

"Unandilonjeza pano kuti udzabwera kudzaphunzitsa, ukudziwa mumtima kuti ukunama. Unalonjeza boma, unalonjeza Lorenso. Tonse unatidyera." Mawu awo sanakwere. "Tsiku lija ndinagwada pamaso pa anthu amene ndakhala nawo bwino chiwolokereni mtsinje. Mayi ake a Lorenso anandifunsa ngati kwathu ku Mozambiki ana timalera chonchi. Manyazi amenewo ndinasenza ndekha, sindinakugawireko. Awa ndi ako, senza. Lolemba ana akukudikira."

9

Anandipatsa Sitandade 1, pansi pa mtengo, bolodi litakolekedwa pamsomali. Howard anayesetsa, ndisamunamizire. Ankati "takhuta" kwa aliyense, ngakhale kwa womuponda phazi. Koma mvula itagwa udzudzu unamupeza. Malungo oyamba anaonda, achiwiri anayamba kulankhula ndi agogo ake amene anamwalira kale, achitatu dokotala wa kampani anati munthuyu akakhalabe kuchigwa afa. Anamubwezera ku Limbe, pazenera pake pomwe paja.

Ndinathamangira kuofesi ya maphunziro ya kuboma. Ndinati mwamuna wanga wasamutsidwa, ndikufuna kumutsata. Bwana wa kumeneko anandimvetsera mwachifundo.

"Mayi, lamulolo lilipo. Koma kuti muchoke pafunika wina adzalowe m'malo mwanu. Mukamupeza wofuna kubwera kuno, mubwere naye."

Tsiku limene Howard ankakwera sitima ndinali m'kalasi, popeza sukulu yathu ili m'mbali mwa njanji. Sitima ikudutsa ana onse anaimirira n'kumakuwa, "Bayi! Bayi!" monga ankachitira masiku onse. Ndinaona dzanja la malaya oyera pazenera. Ndinadikira mpaka utsi utatha, kenaka ndinati, "Khalani pansi. Tinali pa chilembo chanji?"

Wolowa m'malo mwanga sanapezeke. Howard ankabwera pa Khirisimasi, kenaka ankangotumiza moni kudzera kwa oyendetsa sitima, kenaka ndinamva kuti pampopi paja pakuchapa wina, amene anamutsata popanda kupempha kuofesi iliyonse. Sindinapite kukamenya nkhondo. Ndikanapita ndi nkhope iti?

Tsono inu owerenga, makamaka atsikana amene mukudya za boma m'makoleji, kwinaku mukuponya maso pageti. Sindikuuzani kuti muzikonda kwanu, chifukwa ine mpaka lero mwezi wa Okutobala ndimautukwana m'zilankhulo ziwiri. Ndingokuuzani kuti pamene mukupima munthu ngati angakunyamuleni, nayenso ali ndi sikelo yake m'thumba. Ndipo wamkulu akakuitanani kuofesi, pitani, ngakhale mukuganiza kuti akukakukalipirani.

Zaka zisanu zija zinatha kalekale. Tsiku limene zinakwana palibe anabwera kudzandimasula, ndipo ine ndemwe ndinazindikira patapita chaka ndi miyezi, ndili pakati pophunzitsa mwana woyamba wa Lorenso, amene anali atakwatira wina, kugwira pensulo. Bambo anali atakalamba, maso akuchita nkhungu, koma m'mawa uliwonse ankabwera ndi kampando kawo kudzakhala kumbuyo kwa ana, ati kudzapumula pamthunzi. Chaka chimene anamwalira, kumsika wa thonje anakana kudinda chala. Anapempha cholembera, nalemba Sebastiano, S wake atayang'ana chakumbuyo.